Chidindo cha a Feliciano

A Josefina a ku Entre Lagos, kuno ku Mozambiki, anali ndi chitini cha mabisiketi chimene ngakhale amuna awo, a Vitorino, sankachitsekula. Chinkakhala kunsi kwa bedi, chokulunga m'kapulana yakale, nsalu ija ena amati chitenje. Mkatimo munali mapepala okhaokha: giya ya nthawi ya nkhondo, pepala lija munthu sankachoka m'mudzi popanda ilo, khadi la ufa la kukampu ku Malawi kumene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi, pepala lobwerera kuno nkhondo itatha, ndi makhadi a ubatizo a ana awo awiri. Kuwerenga sankatha. Koma akagwira pepala ankayendetsa chala kufunafuna chidindo, chimene kuno timati karimbo, ndipo akachipeza mtima unkakhala pansi.

Anthu ankawaseka, koma iwo anali ndi chifukwa chawo. Mlongo wawo Tiwale anatsitsidwa m'lole ndi anthu amfuti pa msewu wa ku Cuamba, iwo akuona ndi maso awo, chifukwa giya yake inalibe chidindo. Amfuti aja anati akungokamufunsa mafunso pang'ono. Mpaka lero akumufunsabe. Kukampu nakonso anaona mayi wina akubwerera ndi thumba lopanda kanthu, ana anayi ali pambuyo, kalaliki atangoti khadi lako silinadindidwe. Ndiye kwa a Josefina munthu wopanda chidindo anali ngati nkhuku yopanda khola, aliyense wodutsa akhoza kuitola.

Mwana wawo wamwamuna, Samueli, anali mphunzitsi ku Insaca. Chaka china cha chisankho anamuika kukhala mmodzi wa owerengera mavoti pasukulupo. Zachinyengo zimene anaona tsiku limenelo anakana kuzisainira, ndipo monga mnyamata wamagazi otentha anakazinena pa wailesi ina ya kutsidya. Patapita masiku atatu kunabwera galimoto yopanda nambala, dzuwa lili paliwombo. Anthu a m'galimotomo nyumba sankaidziwa. Amene anawalozera ndi a Feliciano, sekeretaliyo wa dera lathu, munthu amene amalemba obadwa, akufa ndi alendo. Samueli anapezeka m'dambo mawa lake, nthiti ziwiri zothyoka, khutu lamanzere litasiya kumva. Atangotha kuima anawolokera ku Malawi, n'kupitirira ku Joni, mpaka anakafika ku Kanada. Kumeneko anafotokozera akuluakulu nkhani yonse, nthiti zija ndi dzina la a Feliciano lomwe, ndipo anamulandira ngati wothawa, n'kumupatsa chilolezo chokhala.

Zinatha zaka zisanu ndi zitatu. Anakwatira mtsikana wa ku Angola dzina lake Neide, nabereka mwana wamkazi, Talandira. Lamulungu lililonse masana mlongo wake Ivete, amene anatsala pakhomo, ankagwira telefoni pamaso pa amayi ake, ndipo kamwana kaja kankati "agogo" ndi lilime lolemera, a Josefina n'kuseka mpaka misozi. Koma kutchalitchi pemphero lawo linali limodzi lokhalokha, lakuti Mulungu awabwezere mwana wawo, adzakhale pakhomo pano.

A Vitorino anamwalira nthawi ya mvula, chifuwa chitawavutitsa miyezi iwiri. Anaikidwa mwana wawo wamwamuna kulibe. Samueli anatumiza zogulira simenti ndi mtanda wachitsulo, ndipo anagwirizana kuti chiliza chidzamangidwe anthu akakolola. Nthawiyo itayandikira anaimba kunena kuti akubwera. Adzatera ku Blantyre, adzafika mpaka pa Nayuchi, ndipo amayi ndi Ivete adzawoloke kudzamuona.

Munthu amene sadziwa kuno amve. Nayuchi, mbali ya Malawi, ndi Entre Lagos ndi mphuno ndi mlomo, malire ali pakati. Sitima ikalira uku, a uko amatseka makutu. Tsiku la msika amayi amawoloka ndi tomato pamutu n'kubwerera ndi sopo, palibe wowafunsa. Ndiye a Josefina anamva ngati mwana wawo akuwatukwana.

Samueli anafotokoza mofatsa, kawiri. Anati pasipoti ya Mozambiki iye alibe ndipo saloledwa kuitenga. Chimene ali nacho ndi kabuku kabuluu ka anthu othawa, kamene kamamulola kupita dziko lililonse pansi pano kupatula limodzi, ndipo dzina la dzikolo analilemba m'kabukumo. Anati akuluakulu a ku Kanada akangodziwa kuti waponda kuno, adzati nkhani yake ija inali yabodza, munthu woopa kuphedwa sabwerera kumene anathawa. Adzamulanda chilolezo, adzamukweza ndege, Neide ndi Talandira adzatsala.

A Josefina anamvetsera zonse. Kenako anauza Ivete kuti abweretse telefoni pafupi.

"Bambo ako sagona ku Nayuchi," anatero. "Anthu akumba manda, anthu asenza bokosi, anthu akwirira, iwe uli kwa azungu. Tsopano ufike pamene ungamve fungo la utsi wa pakhomo pano n'kubwerera? Ukabwerera pa Nayuchi usadzandiimbirenso. Ndizidzauza anthu kuti ndinabereka Ivete yekha."

Ivete anawachonderera masiku atatu. Iwo anangoti mwana wa munthu amaika dzanja pa dothi la bambo ake, zinazo ndi zachizungu. Tsiku lachinayi Samueli anaimba n'kuti chabwino, adzalowa, koma kwa tsiku limodzi ndi theka, ndipo munthu asadziwe.

Analowa tsiku la msika, pa njinga ya kabaza, kudzera kanjira ka m'dambo kamene amadutsa ogulitsa usipa wa ku Chiuta. Ivete anali atamutumizira jekete la malemu bambo ake ndi chipewa chawo, kuti asaoneke mlendo. A Josefina ataona jekete lija likulowa pa mpanda, anathamanga kukamuchingamira. Anakhala pansi pomwepo n'kugwira mapazi a mwana wawo, akulira maliro onse awiri pamodzi, a mwamuna ndi a zaka zisanu ndi zitatu. Ananenepa Samueli, tsitsi linayamba imvi m'mbali, ndipo polankhula naye ankatembenuza mutu kuti amve ndi khutu lamanja.

Tsiku limenelo sanatuluke m'nyumba. M'mawa mwake, pokonzeka kupita kumanda ndi amisiri awiri achibale, anatulutsa kabuku kaja m'thumba la mkati, kali m'pulasitiki, n'kumayang'ana poti akaike, poti kuntchito ya simenti ndi madzi sikoyenera kupita nako. Amayi ake anati abweretse. Anatulutsa chitini chija, n'kuchitsekula pamaso pake, chinthu chimene sanachitirepo munthu. Samueli anaseka, nati m'dziko lonse la Mozambiki mulibe banki yolimba ngati imeneyo. Anawapatsa ndi manja awiri. Ivete anatenga ndowa kukatungira amisiri madzi, ndipo a Josefina anatsala okha akusenda chinangwa cha anthu ogwira ntchito.

Dzuwa lisanakwere kwenikweni anamva odi pa mpanda. Anali a Feliciano, atavala malaya oyera, kachikwama kakuda kali m'khwapa. Zaka zinali zitawakomera, khosi linali litalowa m'mapewa. Anapepesa maliro ngati sanapepesepo kale, anakhala pa mpando wa malemu osauzidwa, nafunsa za chinangwa, za mvula, za bondo la a Josefina. Kenako anati amva kuti jekete la a Vitorino layamba kuyenda lokha pamsika.

A Josefina mpeni unawagwa m'manja. Anati kunabwera mphwawo wa malemu, wa ku Liwonde.

A Feliciano anaseka pang'ono, nati iwo ndi amayi a Samueli anakulira limodzi m'dera lomwelino, asamanamizane ngati ana. Anati iwo alibe mangawa ndi mnyamatayo, zakale zinapita ndi madzi. Chimene chawadzutsa m'mawa ndi chifundo. Lamulo ndi lomwe lija, mlendo aliyense amalembetsa kwa sekeretaliyo. Munthu wolowa ngati mbala amagwidwa ngati mbala, ndipo pamsika maso ndi ambiri. Anatsitsa mawu n'kuti eni galimoto ija sanafe, ena mwa iwo anakwezedwa pantchito, ndipo munthu wopanda karimbo akasowa pa njira ya m'dambo, ndani angakamufunse, poti palibe pepala lonena kuti analowa?

"Inu mukudziwa bwino kuposa ine, mayi. A Tiwale anali ndi mlandu wanji?"

Dzina limenelo linawalasa a Josefina pamtima. Anayesa kulimba. Anati mwana wanena kuti azungu a kumene amakhala asadziwe kuti anafika kuno.

A Feliciano anapukusa mutu ngati munthu womvera chisoni ana osadziwa zinthu. Anafunsa ngati kukampu kuja anaonapo mzungu akukwiya ndi pepala lodinda. Anati chimene azungu amadana nacho ndi kuzemba. Munthu akalowa moonekera, boma n'kumudindira kuti tamuona, wabwera kumaliro, wabwerera, mzungu amavula chipewa. Anati mwina mnyamatayo akuopa kubwera kwa iwo chifukwa cha manyazi, ndiye n'chifukwa chake abwera okha, kuti nkhani ithe mwakachetechete iye asanabwere kumanda.

A Josefina analowa m'nyumba, akuti akangoona. Anatulutsa kabuku kaja m'pulasitiki n'kuyamba kutsekula masamba, chala chikuyenda. Apa chidindo. Apa china. Apa chipepala chomata chonyezimira, ndi chidindo cha Malawi pamwamba pake, chimene anachizindikira. Dziko lililonse limene mwana wawo anaponda linamudindira, linavomera kuti uyu ndi munthu. Dziko lake lokha, kumene kuli mchombo wake, ndi limene linalibe kanthu. Ndiye anaona ngati amvetsa tsopano zimene Samueli ankanena pa telefoni, zakuti kabukuka sikamulola kulowa kuno. Sikamulola chifukwa sikanadindidwe. Nanga pepala limalola bwanji lisanadindidwe? Ana ophunzira, nzeru zambiri, koma chinthu chaching'ono ngati ichi osachiona.

Anatuluka nako.

A Feliciano sanafulumire. Anapukuta manja pa thalauza. Anayang'ana chithunzi cha Samueli nthawi yaitali, nawerenga tsamba lina milomo ikugwedera, ndipo a Josefina anaona kuti amwetulira. Anasankha tsamba loyera loyang'anizana ndi chipepala cha Malawi chija. Anatulutsa chidindo m'kachikwama, chokulunga m'sokisi, anachinyowetsa pa inki kawiri, anaika kabuku pa bondo, n'kutsindika ndi manja onse awiri, thupi lonse litatsamira pamenepo. Pochotsa, chinatuluka bwino, chozungulira, chofiirira ngati maluwa a mbatata. Analemba tsiku. Analemba mizere itatu pansi pake n'kusaina dzina lawo lalitali lokhala ndi mchira. Atatero anatulutsa telefoni n'kujambula tsambalo, ndi la chithunzi lomwe, akuti n'za m'kaundula.

A Josefina anathamangitsa nkhuku yoti awapatse. A Feliciano anakana, nati ntchito iyi aigwira ndi mtima wawo wonse.

"Mwana wanu anauza dziko lonse kuti Feliciano ndi chilombo. Ana anga amanyozedwa nazo mpaka ku Cuamba. Tsopano kabuku kake komwe kazinena kulikonse kumene apite kuti Feliciano anamulandira bwino."

A Josefina anamva ngati ndi mawu a chiyanjano. Anagwada, anaomba m'manja, anawathokoza katatu, nawaperekeza mpaka pa mpanda.

Ivete anabwera kudzatenga chinangwa. Anapeza amayi ake akuimba nyimbo ya kutchalitchi, nkhope ili ngwee, koyamba chimwalirireni bambo. Anamuitanira m'nyumba n'kumuonetsa, akuti aone zimene amayi ake osaphunzira akonza pamene ophunzira amangonjenjemera. Ivete anawerenga. Anawerenganso. Kenako anakhala pansi, osati pamphasa, pa dothi penipeni, miyendo atatambasula ngati wamva uthenga wa maliro. Amayi ake anamufunsa kuti palembedwa chiyani. Anawamasulira ndi mawu ouma: Republika ya Mozambiki. Mwini kabukuka wafika kwawo, walandiridwa mwamtendere, alibe vuto lililonse ndi boma kapena ndi munthu.

A Josefina anati nanga si zabwino zimenezo.

"Mwamupha, amayi," anatero Ivete. "A galimoto aja analephera. Inu mwatha."

Anadzuka n'kuthamangira kumanda, chinangwa osatenga.

A Josefina anatsala okha m'nyumba. Anakumbukira kumwetulira kuja kwa a Feliciano. Anakumbukira sokisi ija, kuti munthu wongodzazonda maliro sayenda ndi chidindo m'khwapa. Anazungulira m'nyumba, kabuku kali m'manja, akuitana Mariya ndi oyera onse. Ndiye anakumbukira chinthu china cha kukampu. Pa kalembera ankawapaka inki pa chala kuti munthu asalembetse kawiri, ndipo amayi ochenjera ankachotsa inkiyo ndi madzi a ndimu ndi phulusa, n'kukaimanso pamzere. Iwonso anachitapo kamodzi, chaka cha njala, ndipo zinatheka. Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa mandimu umene anabzala a Vitorino.

Anadula ndimu, anafinyira pa tsambalo, anawaza phulusa pang'ono, n'kuyamba kupukuta ndi nsonga ya kapulana, mofatsa, ngati akusambitsa khanda. Inki inasungunuka, inde. Inayenderera tsamba lonse, inalowa m'chipepala cha Malawi chija, inadutsa kuseri. Pepala linayamba kunyosoka. Anaonjezera ndimu. Atasiya, tsamba linali lofiirira lonse ngati chilonda, mizere itatu ija itafufutika theka, koma mawu a m'mphepete mwa chidindo, amene a Feliciano anatsindika ndi thupi lonse, anali atadinda m'pepala ngati mapazi m'matope.

Samueli analowa manja ali ndi simenti mpaka m'zigongono. Sanakalipe. Anatenga kabuku ndi nsonga za zala, anapita nako pakhomo pamene pali kuwala, n'kukayang'ana kutsogolo ndi kuseri. Ananunkhiza. Anafunsa kuti ndimu ndi wa chiyani, ndipo amayi ake anafotokoza za kukampu, mawu akuthamangitsana, akuti likauma mwina liyera. Anafunsa amene anadinda. Atamva dzina anatseka maso. Anafunsa ngati anajambula. Anati eya, za m'kaundula.

Ndiye anaseka. Kuseka kwake kunali koipa kuposa kulira, moti amisiri amene anamutsatira anabwerera pa mpanda.

"Ndinakuuzani kawiri, m'Chinyanja," anatero. "Khutu lakufa ndi langa, amayi, si lanu."

A Josefina anagwada n'kugwira mwendo wake. Anati ankaopa za Tiwale, ankaopa galimoto ija, ankafuna abwerere wamoyo.

"Anthu a galimoto aja anandithyola nthiti ziwiri. Zinapola. Iwo sanadziwe pondigwira. Pamafunika munthu wondibereka."

Anavula jekete la bambo ake n'kulisiya pansi pomwepo. Anasamba m'manja, anatenga kachikwama kake, natuluka masana onse akuona, poti kubisala kunalibenso ntchito. Chiliza chinatsala theka, mtanda uli chigonere pa udzu. Amene anali pamsewu wa kumsika amanena kuti a Feliciano anali pakhonde la sitolo ina, ndipo anadzutsa dzanja n'kufuula kuti a Kanada ayende bwino, akapereke moni kwa azungu, pakhomo ndi pawo abwerenso.

Zotsatira zake a Josefina ankazimvera kwa Ivete, zidutswazidutswa, poti Samueli anasiya kuwalankhula. Ku Blantyre ananena kuti kabuku kanagwera m'madzi, anavutika milungu itatu, koma anakwera. Atatera ku Kanada anamulowetsa m'kachipinda, munthu wina n'kuunika tsamba lija ndi nyali yake, mawu a m'mphepete aja n'kuonekera. Chithunzi cha a Feliciano nacho chinali chitayenda kale pa matelefoni a anthu a kuno, mpaka kwa amene ali kunja, ndi mawu pansi pake akuti onani wothawa uja amadzadya chinangwa kwawo. Bodza la madzi lija linamuonjezera mlandu. Anamuitana kukayankha, anapeza loya, anamuitananso. Loya anati kupita kumanda a bambo mwina akanamva chisoni, koma apa pali dzina la munthu yemweyo amene iye anati amamuopa, atasaina kuti anamulandira, ndiye awauza chiyani?

Zinatha zaka ziwiri zikukokana. Lamulungu masana telefoni sinkabweranso pamaso pa a Josefina. Ivete ankapita nayo kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mandimu, ndipo amayi ake akayandikira ankangowayang'ana mpaka abwerere. Kutchalitchi anayesa kusintha pemphero lija. Anati Ambuye, zija ndinkapempha zija musazimvere, msiyeni komweko. Koma zaka zisanu ndi zitatu za kupempha chinthu chimodzi, m'mawa ndi madzulo, zinali zitafika kale kumene zinkapita.

Samueli anabwera mwezi wa fumbi, atathamangitsidwa ku Kanada, pa shapa, minibasi yochokera ku Cuamba, ndi chikwama chimodzi. Neide anali ndi mapepala akeake, Talandira anabadwira komweko, ndiye anatsala. A Josefina anamva kwa ana a pamsewu kuti a Samueli atsika. Anathamanga ndi bondo lawo lija, anafika pa mpanda, manja atatambasula. Iye anawadutsa ngati akudutsa chitsa. Analowa m'kanyumba kosungira makasu, anatulutsa makasuwo panja, nayala mphasa.

Chakudya chawo sankadya. Akamuikira pakhomo, mbale inkakhala pomwepo mpaka nkhuku zigwetse chivundikiro. Ankadya cha Ivete, ndipo Ivete akachoka ankakazinga yekha chimanga. Ntchito ya uphunzitsi sakanaipezanso. Ankakhala pa njerwa kuseri, khutu lamoyo atalozetsa kumsewu, galimoto iliyonse ikachedwetsa liwiro iye n'kudzambatuka. Chiliza sanachimalize, ndipo kumanda sanapondeko. A Feliciano anatumiza uthenga kuti wobwera kudzakhala amalembetsa, ndipo anapita, anaima pamzere, analembetsa.

Sabata yachiwiri, m'mawa, a Josefina akusesa, anamva akuitanidwa.

"A Josefina."

Anayang'ana uku ndi uku kufuna mlendo. Anali mwana wawo, ataima pakhomo la kanyumba kaja, pepala lili m'manja. Anawauza kuti atenge chitini chawo. Aka kanali koyamba kuwalankhula. Anakatenga msanga, anamasula kapulana. Samueli anawapatsa pepalalo ndi manja awiri, mwaulemu, ngati tsiku lija. Anati ili ndi limene anamuchotsera ku Kanada, alisunge bwino.

"Lili ndi zidindo zinayi. Ndi pepala labwino kwambiri. Werengani."

Anaima pomwepo kudikira. A Josefina anafuna kukana, koma chala chinapita chokha, monga chinazolowera. Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi. Anapinda pepalalo n'kuliika pamwamba pa khadi la ubatizo, natseka chitini.

Lamulungu lotsatira masana anamva mawu a mwana kuseri kwa nyumba. Samueli anali pansi pa mtengo wa mandimu, telefoni ili m'manja, akulankhula chizungu ndi mawu ofewa amene a Josefina anali asanawamve chibwerereni. Anasiya mbale zimene ankatsuka. Anayenda pang'onopang'ono, m'mbali mwa khoma, akuti angoona nkhope basi, sayankhula. Anaima kumbuyo kwake, kumbali ya khutu lakufa.

Talandira anali atakula, mano awiri akutsogolo atachoka, tsitsi lomangidwa timichira tiwiri. Mphumi inali ya a Vitorino yeniyeni. Mwanayo anasiya kulankhula, anayandikiza nkhope, naloza ndi chala. Anafunsa m'chizungu, koma funso lotere silifuna womasulira.

Samueli anatembenuka n'kuwaona. A Josefina anamwetulira, anakonza duku, anadzutsa dzanja lonyowa ndi madzi a mbale, akudikira liwu lija la lilime lolemera. Iye anayankha mwanayo m'chizungu, mawu ochepa. Kenako, maso ali pa amayi ake, anabwereza m'Chinyanja, pang'onopang'ono, kuti pasatayike kanthu.

"Ndamuuza kuti ndi amayi ake a Ivete. Anabereka Ivete yekha."

Mwana uja anagwedeza dzanja mwaulemu, monga amachitira kwa mlendo, n'kupitiriza nkhani yake ya kusukulu. A Josefina anaima kanthawi dzanja lili m'mwamba. Kenako analitsitsa, analipukuta pa kapulana, n'kubwerera ku mbale zawo.